Mfuti ya munthu wamanzere

Gologolo wanga woyamba ku Amereka sindinamuphe ndi mfuti. Ndinamupha ndi legeni, masana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa maofesi a ku Foggy Bottom, anthu ovala mataye akuona.

Chinali chaka cha 1994, ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinkakhala kwa achemwali anga ku Landover, kugona pa sofa, ndipo ntchito yanga inali yonyamula makatoni m'weyahausi. Lachitatu linali tsiku langa lopuma, choncho ndinkakwera sitima ya Metro kupita m'tauni kukagwira ganyu yosuntha madesiki m'maofesi. Pa nkhomaliro ndinkakhala pa benchi m'kapaki kena, ndipo agologolo a kumeneko ankandipweteka mtima. Onenepa, aulesi, kubwera mpaka pa nsapato yako n'kumakuyang'ana m'maso. Ndiwo zikungoyendayenda popanda mwini! Ndinapirira miyezi itatu. Kenako ndinadula mphanda, ndinatenga timachubu ta labala timene achemwali ankabwera nato m'thumba la yunifomu kuchokera kunyumba yosamalira okalamba, ndipo legeni inatheka.

Mwala umodzi wokha. Gologolo anagwa pa nthambi kuti phi, osaphupha n'komwe.

Sindinadziwe kuti mayi wachizungu amene anali pa benchi ina ndi amene ankawadyetsa mtedza tsiku lililonse. Anakuwa ngati ndapha mwana wake. Anthu anayamba kuima. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa choncho, ndiye m'malo mothawa ndinayamba kubweza mawu, Chingerezi chitandithera ndinalowa m'Chichewa, ndipo zimene ndinanena sindingazilembe pano.

"Iwe! Pakamwa pako amakutsuka ndani?"

Mawuwo anachokera m'galimoto yakuda imene inaima m'mbali mwa msewu. Munatuluka bambo wamfupi, wa imvi, wovala suti ya dalaivala. Sanathamange. Anatola gologoloyo, anamukulunga m'nyuzipepala, ndipo anayankhula ndi mayi uja motsitsa mawu, chipewa chili m'manja, mpaka mayiyo anatsala n'kungofwenthera. Kenako ananditsegulira chitseko chakutsogolo n'kundikankhiramo.

Titakhala m'galimotomo anatsegula nyuzipepala ija n'kutembenuza mutu wa gologolo ndi chala.

"Kuseri kwa khutu," anatero. "Unalinga pamenepa, kapena ndi mwayi?"

"Ndinalinga."

"Hmm. Kuno ameneyu saphedwa m'tauni, mphwanga. Ali ndi nyengo yake, malo ake ndi chiphaso chake. Ukadakhala m'manja mwa apolisi pano. Kwanu n'kuti?"

Umu ndi mmene ndinadziwira a sikauti. Aliyense ku tchalitchi cha Amalawi ankawatcha choncho chifukwa asanakhale dalaivala wa mabwana a boma, anagwira zaka zambiri ngati mlonda wa nyama m'nkhalango ya ku Kasungu. Ankakhala ku Germantown, ndipo Loweruka lililonse la nyengo yosaka ankapita kumunda kwa mzungu wina wokalamba, kuseri kwa tauniyo, kukasaka agologolo.

Lamulungu lotsatira anabwera kwathu titaweruka ku tchalitchi. Anamwa tiyi, anafunsa za kumudzi, kenako anauza achemwali kuti akufuna kundiphunzitsa kusaka ndi mfuti.

Achemwali anaika kapu pansi. "Bambo, mukumudziwa bwino ameneyu? Mfuti? Munthu amene anagenda mphunzitsi ndi dasitala mpaka kumung'amba chikope?"

"Anamulasa?"

"Ndikuti anamung'amba chikope!"

"Ndiye kuti dzanja ndi labwino," anatero a sikauti, nkhope ili gwa.

Achemwali sanaseke. Nkhani ya mphunzitsiyo inali yoona, ndipo ndi imene inandichotsa sukulu ndili Sitandade 7. Koma achemwali anasiya mbali ina, chifukwa kwathu sitinkaitchula. Ine ndinabadwa wamanzere. Ndili mwana ankandimenya pa dzanja ndikatenga chakudya ndi manzere, ankati ndi dzanja la kuchimbudzi, silipereka moni, sililandira kanthu kwa wamkulu. Kusukulu ankandikhapa ndi m'mphepete mwa rula mpaka ndinaphunzira kulemba ndi lamanja, zilembo zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku. Mphunzitsi uja anandipeza tsiku lina ndaiwala, choko chili kumanzere pa bolodi, ndipo anandiimitsa kutsogolo kuti kalasi yonse indiimbe. Dasitala inali pafupi. Kuyambira pamenepo dzanja lamanzere ndinkalibisa ngati chilonda. Linatsala ndi ntchito imodzi yokha, yokoka legeni, poti kutchire kunalibe wondiona.

Anakambirana nthawi yaitali. Pomaliza anagwirizana kuti mfuti izikhala ku Germantown, m'bokosi lachitsulo la a sikauti, osati m'nyumba ya achemwali. Ndipo a sikauti anawonjezera lamulo lawo.

"Ndidzajambula kabwalo pa pepala, kukula kwake ngati mutu wa gologolo. Masitepe makumi atatu. Zipolopolo zisanu, zitatu zilowe m'kati. Akalephera, chaka chino palibe kugula mfuti, palibenso kukwera pikapu yanga. Sindiyenda ndi munthu wovulaza nyama."

Ndinaseka. Zitatu zokha? Munthu wogwetsa gologolo ndi mwala?

Chilimwe chonse cha kunoko ndinachita zimene anandiuza. Ndinakhala m'kalasi ya malamulo osakira Loweruka ziwiri, ine amene ndinalumbira kuti sindidzakhalanso pa desiki, ndipo iwo anakhala pambali panga kundimasulira mawu ovuta. Mu Seputembala ananditengera kusitolo ya mfuti.

Maso anga anagwera pa imodzi nditangolowa. Yakuda, yonyezimira, ya galasi loonera patali pamwamba, yoti umangokoka tiriga iyo n'kumadzilowetsera zipolopolo yokha, khumi motsatizana. Ndinaigwira ndipo ndinadziona ndine munthu.

"Iyi, bambo."

"Ibweze kaye."

Anapempha wogulitsa kuti awapatse kachipolopolo kamodzi, n'kukaika pa chikhatho changa. Kanali kakang'ono kuposa chala changa chakaniso.

"Ichi ndi twente-thuu. Uone kuthako kwake, palibe kadontho pakati ngati zipolopolo zikuluzikulu. Moto wake uli m'mphepete monsemu, ndipo kachitsulo ka mfuti kamamenya m'mphepetemo. Sichiphokosera, sichikankha phewa, sichiwononga nyama. Ukachiika m'mutu, gologolo yense ndi wa mumphika. Koma usachipeputse. Chikaphonya chimapita kutali kwambiri, kukagwa kumene iwe sukuona."

Kenako ndinaonerera mmene ankasankhira, ndipo mpaka lero sindinaonenso munthu wogwira chinthu mwaulemu wotero. Mfuti iliyonse ankayamba aitsegula kuona ngati ilibe kanthu, ngakhale wogulitsa atangoitsegula kumene pamaso pawo. Ankaika chikhadabo cha chala chachikulu kumbuyo kwa mpope wa mfutiyo kuti chigwire kuwala, n'kusuzumira kutsogolo kuona ngati m'kati muli dzimbiri. Ankaiika pa chala chimodzi kufuna pamene kulemera kwake kwakhazikika. Ankatsinzina maso onse, kuikweza pa phewa, kenako n'kutsegula kuti aone ngati yaloza pamene mtima wawo unafuna. Wogulitsayo, mnyamata wa ndevu zofiira, anasiya makasitomala ena n'kuima chete kumawayang'ana.

Anayesa zisanu ndi chimodzi. Kenako anathokoza, anavala chipewa, n'kutuluka.

"Bwanji tsopano?" ndinafunsa panja, magazi atayamba kale kutentha.

"Pepala lija silinakuone," anatero. "Loweruka."

Munda wa mzungu uja unali ndi chimulu cha dothi kuseri kwa khola, ndipo pamenepo m'pamene a sikauti anakhoma pepala lawo. Kabwaloko anakajambula pozunguliza chitsekerero cha botolo la mankhwala awo a BP. Anawerenga masitepe. Mwini mundayo, wamtali wowerama, anatsamira mpanda ndi kapu ya khofi. A sikauti anandipatsa mfuti yawo, ya kampiringidzo kokoka ndi dzanja ukawombera kamodzi.

Ndinaiika pa phewa lamanja, monga munthu aliyense amene ndinamuonapo atagwira mfuti. Koma tizitsulo tiwiri tolingira ta pamwamba pa mpope sitinkafuna kukumana. Ndinapotoza khosi, tsaya linadutsa pamwamba pa thako la mfuti, kufunafuna. Ndinawombera kasanu. Titapita kukaona, pepala linali ndi mabowo awiri okha, kumphepete, kabwalo kali bwinobwino.

"Amenewo anali oyeserera," anatero a sikauti. "Bwereza."

Ndinabwereza. Zinaipa kuposa poyamba.

"Mfuti yanuyi ndi yokhota!"

A sikauti anaitenga, anaima pamene ndinaima ine, ndipo anawombera kasanu mosapupuluma, ngati munthu wokhoma misomali. Mabowo asanu onse anagwirana m'kati mwa kabwalo, oti ungawaphimbe ndi ndalama yachitsulo. Mzungu uja anaimba mluzu.

A sikauti anandibwezera mfutiyo. "Tsopano ika kumanzere."

Ndinamva ngati andivula pagulu. Ndinaona bolodi lija, ndinamva kalasi ikuimba.

"Mwati chiyani?"

"Phewa lamanzere. Ndiwe wamanzere iwe."

"Anakuuzani ndani? Achemwali? Ndiye mwanditengera kuno kuti mudzandiseke ndi mzungu wanuyu? Ine si chidole chanu! Khalani nayo mfuti yanuyo, ndi agologolo anu omwe!"

Ndinaisiya pa tebulo n'kunyamuka. Ndinadutsa pageti, ndinalowa mumsewu wa miyala, chimanga chouma mbali zonse, osadziwa n'komwe kuti Landover ili mbali iti. Ndinayenda mwina mphindi khumi, ndikutukwana chimanga. Kenako ndinamva pikapu kumbuyo. Sinandipitirire. Inafika pambali panga n'kumayenda liwiro la mapazi anga, a sikauti chigongono chili pawindo.

"Ukalimbikira ukafika Lachiwiri," anatero. "Koma njira ndi iyo, kumbuyoku. Uku ukupita ku Pennsylvania."

Ndinapitiriza kuyenda.

"Achemwali ako sanandiuze kanthu. Ndinakuona ndekha tsiku la gologolo lija. Ndinali m'galimoto kudikira bwana, ndinakuona ukutulutsa legeni. Mphanda kumanja, kukoka ndi manzere, diso lamanja kutsinzina. Ndinati, koma mwana uyu! Ku Kasungu ndinayenda ndi alonda ambiri, woti angachite zimenezija ndi mwala sindinamuone."

Ndinachepetsa liwiro pang'ono, koma osawayang'ana.

"Ndiye munandisiyiranji kuti ndiwononge zipolopolo khumi?"

"Ndikadakuuza m'sitolo muja ukadamva?"

Sindikadamva. Ndinadziwa.

"Taima. Ukuona mtengo wamagetsi uwo? Tambasula dzanja, uuphimbe ndi chala chachikulu, maso onse ali otsegula. Waphimba? Tsinzina lamanzere."

Ndinachita, ndikadali wokwiya. Chala chinadumphira kumbali, mtengo uli poyera.

"Tsopano tsegula, utsinzine lamanja."

Mtengo unabisala kuseri kwa chala.

"Waona? Dzanja analimenya mpaka linagonja. Koma diso sanalipeze. Diso lako lolamula ndi lamanzere, ndipo mfuti imamvera diso. Gologolo safunsa kuti umadyera dzanja liti, mphwanga." Anatsegula chitseko cha mbali yanga. "China. Unakwiya mpaka milomo kunjenjemera, koma mfuti unaitsegula, n'kuigoneka italoza kuchimulu. Ukadaiponya pansi, bwenzi pano ndikukuperekeza ku Metro, nkhani itatha. Kwera."

Ine sindinkakumbukira n'komwe kuti ndinaitsegula. Ndinakwera.

Mzungu uja anali atakhoma kale pepala latsopano, ndipo anapita kukayang'ana ng'ombe zake, kapena ananamizira kutero. Ndinakweza mfuti ku phewa lamanzere, manja akuchita manyazi. Tsaya linakhala pa thabwa ngati pamalo pake. Tizitsulo tija tinakumana tokha, kabwalo kali pamwamba pawo, phee. Kukoka kampiringidzo kunali kovuta chifukwa kanali mbali yamanja, ndinkachita kudutsitsa dzanja pamwamba, koma ndinawombera kasanu.

Tinayenda masitepe makumi atatu aja kukaona pepala. Zinayi m'kati. Chimodzi chinakhudza mzere.

A sikauti anachotsa pepalalo, analipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya. "Ili ndi la achemwali ako."

"Ndiye tikatenge yakuda ija," ndinatero.

Anaseka kwa nthawi yoyamba tsikulo. Anaitana mwini munda, ndipo mzunguyo anatuluka ndi mfuti yake yofanana ndi imene ndinkaisirira m'sitolo. Ndinaiika kumanzere n'kukoka tiriga katatu mothamanga, mtima ukukoma. Mfuti zotere zimalavula makoko a zipolopolo mbali yamanja, kutali ndi nkhope ya munthu wamanja. Kwa ine ankadutsa pamphuno. Khoko lachitatu linalowa m'kolala ya malaya n'kutsikira pachifuwa, lotentha ngati khala. Ndinagoneka mfuti bwinobwino, italoza kuchimulu, kenako ndinavina gule amene sindinamuphunzirepo. Azibambo awiriwo anaseka mpaka mzungu anakhetsa khofi. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere.

Lolemba madzulo tinabwerera kusitolo. A sikauti sanayang'ane n'komwe kukhoma kumene kunali zatsopano. Anapita molunjika pakona ya zogwiritsidwapo kale ntchito n'kutulutsa imodzi mwa zisanu ndi chimodzi zija. Inali yakale, thabwa lake litachita zipsera, utoto wa chitsulo utayera pamene manja a mwini wake woyamba ankagwira. Inalibe galasi. Inkathyoka pakati, n'kulowa chipolopolo chimodzi chokha, ndipo kotsegulira kake kanali pamwamba, pakati penipeni.

"Iyi ilibe mbali," anatero. "Wamanja, wamanzere, kwa iyo n'chimodzimodzi. Khoko umalichotsa wekha ndi zala. Mpope wake m'kati ndi woyera ngati sunagwirepo ntchito, ndinauona tsiku lija. Taikweza utatsinzina."

Ndinatsinzina, ndinaikweza kumanzere, pamaso pa wogulitsa ndi makasitomala ake onse. Nditatsegula diso, inali italoza ndendende pa wotchi ya pakhoma imene ndinailinga mumtima.

"Koma chipolopolo chimodzi, bambo? Ndikaphonya?"

"Pa legeni unkaika miyala ingati?"

Ndiye kuti anali ataisankha kale sabata yathayo, ine ndikulimbana ndi zonyezimira. Anangodikira kuti ndifike ndekha. Mafomu ndinalemba ndi dzanja lamanja, zilembo zanga za mapazi a nkhuku zomwe zija. Lamanzere linali litaiwala kulemba, ndipo silinakumbukirenso mpaka pano.

Loweruka loyamba la nyengo yosaka, mu Okutobala, tinalowa m'nkhalango ya kuseri kwa munda kukungoyera kumene, titavala zipewa za olenji. Anandikhazika pansi pa mtengo waukulu wa mtedza wakutchire n'kundiuza kuti ndisayang'ane gologolo, ndimvetsere tizikhokho timene amagwetsa akamadya. Iwo anakakhala pa tsinde lina chapatali, ndipo patangopita kanthawi ndinasiya kuwaona ngakhale ndinkadziwa pamene ali. Munthu ameneyo ankatha kukhala chete mpaka mbalame kumutera pafupi.

Ine miyendo inachita dzanzi. Kawiri ndinaona gologolo pa nthambi yapamwamba, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, ndipo chala chinayabwa, koma ndinakumbukira za chipolopolo chokagwa kumene sukuona. Wachitatu anatsika n'kukhala pa mphanda, thunthu la mtengo lili kumbuyo kwake, mtedza uli m'manja. Mfuti inalira ngati nthambi youma ikuthyoka.

Kuseri kwa khutu.

Ndinamutola ndi dzanja lomwe linawombera, n'kupita kwa a sikauti. Nditatsala masitepe awiri, thupi linachita zimene linaphunzitsidwa: ndinasamutsira gologoloyo kudzanja lamanja, lamanzere n'kugwira pa mkono, ndinawerama pang'ono kuti ndiwapatse.

Iwo sanalandire. Dzanja lawo lamanja linali m'thumba la jekete ndipo silinatuluke.

"Wapha ndi dzanja liti?"

"Ili, bambo."

"Ndiye likubisaliranji? Bweretsa ndi lomwelo."

Ndinayang'ana uku ndi uku, ngati kuti m'nkhalango ya ku Maryland mungatulukire azakhali anga ndi chikoti. Kenako ndinabwezera gologoloyo kumanzere n'kutambasula. Bambo wa imvi, wamkulu kuposa bambo anga ondibereka, anatambasula lawo lamanzere n'kulandira. Anamuyeza kulemera, anayang'ana bala, anagwedeza mutu.

Tisanachoke anasenda gologoloyo, anadula mwendo umodzi wakumbuyo, n'kuukulunga m'tsamba. Anati nyama yoyamba ya mlenje, mwendo ndi wa mwini nthaka, kaya ndi njati kaya ndi gologolo. Anandituma kuti ndikapereke ndekha. Mzungu uja anatsegula chitseko, anayang'ana kamwendo kaja, kochepa ngati chala, ndipo anakalandira ndi manja awiri osaseka. Zaka zonse zimene a sikauti anasaka m'munda mwakemo anali atamuphunzitsa.

Wotsalayo ndinapita naye ku Landover pamodzi ndi pepala lija. Achemwali anati khoswe wa mumtengo salowa mumphika wawo, ndipo ndinaphika m'kapoto kakale kowiritsira mazira. Pepalalo analitambasula pa tebulo, anawerenga mabowo ndi chala, kenako anandiyang'ana.

"Ndi dzanja liti?"

"Lamanzere."

Anatenga maginito pa chitseko cha firiji, anapanikiza pepalalo pamenepo, n'kutenga foloko kudzalawa m'kapoto kanga.